Makwerero a Malemu Amuna Anga

Ine ntchito yanga ndi yoswetsa anapiye. Ndimagula mazira kwa oweta nkhuku, n'kuwaika m'makina otenthetsa, pakatha masabata atatu anapiye amaswa, ine n'kugulitsa. Makinawo ndi bokosi lalitali ngati firiji, m'kati muli mathireyi ndi kafani, ndipo amafuna chinthu chimodzi chokha, magetsi osaduka. Akazima kwa kanthawi, dzira limapirira. Akazima tsiku lonse, mwanapiye amafera m'chigoba. Munthu amene sanapitepo kuseri kwa nyumba kukataya thireyi yonse ya mazira osukusa, n'kuona timaso ndi timiyendo m'katimo, asandiuze kuti ndimapsa mtima msanga.

Pamzere wathu pali ometa, pali owotcherera, pali amayi a saluni, ine ndili kumapeto. Pholo limene limadyetsa mzere wonse lili mumpanda mwanga, pafupi ndi khola. Ndi lakonkire, losalala ngati botolo.

Chibadwire changa kampani yamagetsi inali imodzi. Sitinkaitchula n'komwe dzina, tinkangoti eni waya. Waya akaduka kapena fyuzi ikapsa pamwamba pa pholo, unkapita ku ofesi kwawo, n'kukhala pabenchi mpaka matako kuchita dzanzi, kenako akuuze kuti galimoto ilibe mafuta. Ukachonderera kwambiri ankakutumizira anthu awiri oyenda pansi, pulayala m'thumba, manja lendelende. Makwerero ankati amayenda ndi galimoto, ndiye poti galimoto sikuyenda, makwerero nawo sakuyenda.

Amuna anga anali akalipentala, munthu wosakonda mikangano. Atatopa nazo anakhoma makwerero aatali a matabwa olimba, ofika mpaka pamwamba pa pholo, n'kuwapachika pakhoma kuseri kwa nyumba. Iwo ankati akuthandiza mzere. Chimene anachita ndi kuwalera eni waya. Kuyambira pamenepo anthuwo ankangofika pageti n'kukuwa kuti, "Makwerero!" Ometa ankasiya munthu mutu theka, owotcherera ankazimitsa moto, onse n'kuthamangira kuseri kukanyamula. Kuimika ife, kugwirira ife, pomaliza kuthokozanso ife. Ine ndinkawapatsa anapiye anayi kapena asanu m'katoni kuti tsiku lina asadzachedwe. Anatizolowera mpaka tsiku limene tinkaika amuna anga m'manda, wina anafika pageti kudzabwereka makwerero, anthu ali m'kati molira.

Kapitawo wa okwera mapolo m'dera lathu ndi alamu anga, akulu awo a malemu. Musaganize kuti chibalecho chinandiswetsera dzira ngakhale limodzi. Ndikadandaula ankati, "Alamu, magetsi ndi a dziko lonse, si a nkhuku zanu zokha."

Chaka chatha tinamva pawailesi kuti boma lalola makampani ena kugulitsa magetsi. Ine ndinangoti ndi zokamba za pawailesi. Koma tsiku lina anagogoda pageti mtsikana wovala jekete yachikasu ndi nsapato zolemera ngati za msilikali. Anati kampani yawo yayala masola otapa mphamvu ya dzuwa kuseri kwa msika, ndi mabatire osungira moto. Mapolo akhalabe a eni waya, koma lamulo likuti atsopano akhoza kupachikapo waya wawo, bola azilipira lendi. Analankhula zambiri, zina sindinamve. Ine ndinamufunsa funso limodzi.

"Makwerero muli nawo?"

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa ngati ali ndi mutu. "Alipo amayi, ali pagalimotopo."

Ndinasuzumira kunja, ndinawaona ndi maso anga, achitsulo, omangidwa pamwamba pa galimoto. Ndinati lembani dzina langa.

Anzanga a pamzere anakana onse. Amayi a saluni anati adikire kaye aone. Ometa anabwera mpaka pakhonde panga, lumo lili m'manja, kudzandilangiza.

"Amake anapiye, mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Achikasuwa akadzagwa, mudzabwerera ndi nkhope yanji kwa eni waya? Anthu aja saiwala."

"Mlendo yemweyo ndi amene amadza ndi kalumo kakuthwa," ndinawayankha. "Inu ometa mukanayenera kudziwa zimenezo. Makasitomala anu angati anapita kwawo mutu mbali imodzi chifukwa makina anaima?"

"Amabweranso mawa lake kudzamalizitsa."

"Dzira silibweranso mawa lake."

Achikasu anapachika waya wawo papholo, pansi pa wa eni waya, n'kundiikira mita yatsopano. Ndinaswetsa kamodzi, magetsi osaphethira ngakhale tsiku limodzi, pamene mzere wonse unkagona mumdima kawirikawiri. Ndinalimba mtima. Ndinagulitsa mashini osokera amene ndinkasunga, ndinagula mazira odzaza mathireyi onse mpaka m'mwamba, chinthu chimene sindinayesepo ngakhale malemu ali moyo. Ngati mazira amenewo akanasukusa, kunalibe china chogulitsa m'nyumbamo kupatula bedi.

Linali Loweruka m'mawa, sabata yomaliza. Ndinali nditasiya kale kutembenuza mazira, ndipo ukatchera khutu pachitseko cha makina unkamva ena akulira m'chigoba, tsiyo tsiyo, chapansipansi. Nthawi imeneyo ndi yoopsa kuposa zonse, chifukwa mwanapiye akakhala wayamba kugogoda ndiye azizidwe, basi, samalizanso. Ndinkasesa pakhonde pamene geti linatseguka popanda odi.

Analowa alamu, chipewa cha kampani kumutu. Kumbuyo kwawo kunali anthu awo awiri, wina wamfupi amene tonse timamutcha Pulayala, ndi wina wamtali wosalankhula.

"Mwadzuka bwanji alamu," anatero, maso ali papholo.

"Ndadzuka. Magetsi anga ali bwinobwino, mwina mwasochera geti."

"Sitinasochere. Waya wa anzanuwa wayandikana kwambiri ndi wathu. Mphepo ikawomba agundana, mzere wonse upsa. Tauzidwa kuti tiuchotse."

"Ndiye auzeni eni ake adzausunthe."

"Pholo ndi lathu."

"Alamu, m'makinamo muli mazira akuswa. Dikirani afike Lachiwiri, kenako mukamenyane ndi achikasuwo mmene mungafunire."

Anavula chipewa n'kudzipepesa nacho, akumwetulira ngati munthu wachifundo. "Musadandaule. Tikachotsa uyu, Lolemba mubwere ku ofesi, ine ndemwe ndikuthandizani kuti tikubwezereni wathu. Pachibale sitingakutayeni."

Lolemba la eni waya ndimalidziwa. Ndi Lolemba lopanda mwezi wake. Ndinalowa m'nyumba n'kumuimbira mtsikana wa jekete. Anati ali kutali, akukoka waya kusukulu ina, sangafike dzuwa lisanapendeke.

"Alibe chilolezo chokhudza waya wathu popanda ife, amayi. Musawalole."

"Ndiwaletse ndi chiyani, mwana iwe, tsache? Amuna atatu?"

Ndikutuluka, ndinamva mawu aja amene ndawamva zaka zonsezi. Alamu anaima pakati pa bwalo langa, manja m'chiuno, n'kukuwira kutsidya kwa mpanda.

"Makwerero!"

Ndipo anabwera. Ndikunena zoona, anabwera. Ometa analowa akupukuta manja pa epuloni, owotcherera magalasi akuda ali pamphumi, osafunsa n'komwe kuti lero kwaduka chiyani. Miyendo inangowatenga yokha, ngati ng'ombe zopita kudibi. Anazungulira kuseri, n'kutulukira atanyamula makwerero a amuna anga, wina kutsogolo wina kumbuyo.

Pamenepo ndi pamene ndinaona chinthu chimene mwina chinandidutsa zaka zonse. Anthu awa abwera kudzandidula pakhosi, koma mpeni akuyembekeza kuti ndiwabwereke ine. Sanaganizeko n'komwe. Anadzuka kwawo, anavala zipewa, anayenda mtunda wonsewo manja lendelende, podziwa kuti kwa mayi wamasiye uja makwerero alipo, ndipo ogwirira aliponso.

"Tsitsani pansi," ndinatero.

Ometa anayang'ana ine, anayang'ana alamu. "Akuti chiyani kodi?"

"Akufuna kudula waya wanga. Inu mwanyamula makwerero anga kuti akaphe anapiye anga. Tsitsani."

Owotcherera anatsitsa mbali yawo pabenchi yopalira matabwa ya malemu, imene ikadali pabwalo mpaka lero. Ometa anakhala ataigwirabe yawo, osadziwa kuti aope ndani.

"Alamu, musachite zachibwana," anatero akapitawo. "Makwerero awa ndi a mzere wonse."

"Mzere unagula msomali ungati?"

"Chabwino, ndi a mng'ono wanga. Anakhoma ndi mng'ono wanga, magazi anga. Inu munangokwatiwa pano. Katundu wa malemu ine ndili ndi mawu, ndipo mukudziwa kuti ndinakusiyirani zambiri mwaulemu."

"Munandisiyira? Mng'ono wanu akudwala, ndikumutembenuza ndekha pabedi, mafani osazungulira chifukwa magetsi anu anazima sabata yonse, magazi anuwo anali kuti? Munabwera kamodzi, ndipo munafunsa za njinga yake."

Pulayala anayang'ana pansi. Alamu anagwedeza dzanja ngati akuingitsa ntchentche. "Anyamata, tengani makwererowo. Amayiwa akalira akatopa."

Sindinalire. Ndinalowa mushedi, ndinatsegula bokosi la zida la amuna anga limene sindinalikhudze chimwalirire, ndinatulutsa sowo. Mano ake anali akadali ndi girizi amene anapaka okha. Nditatuluka, wamtali uja anali atagwira kale phazi la makwerero. Ataona sowo anasiya n'kubwerera m'mbuyo, poganiza kuti ndikufuna mkono wake.

Ndinaika sowo pakati penipeni pa thabwa lam'mbali. Pamalo pamenepo panali timizere ta pensulo ta malemu, pamene ankayeza mipata ya mapondero, mvula yonseyi osatifufuta. Ndinatiyang'ana kamodzi. Ndikanatiyang'ana kawiri sindikanacheka.

"Inu owotcherera," ndinatero, "gwirani bwino apo, akugwedera."

Sindikudziwa ngati anagwira chifukwa chondimvera chisoni, kapena chifukwa moyo wawo wonse akamva kuti gwirani makwerero amagwira. Koma anagwira, manja onse awiri, n'kupondanso ndi bondo. Ndinayamba kucheka.

"Mwapenga alamu? Chikumbutso cha amuna anu chimenecho."

"Chikumbutso ndili nacho m'mafupa. Chimene ndikudula pano ndi ulesi wanu."

Thabwa linali louma gwaa, manja anga anawawa, utuchi unandilowa m'maso. Palibe amene anandigwira. Mwina ankaopa sowo, mwina ankaopa kuti anthu amene anayamba kusuzumira pampanda akanena kuti akapitawo a kampani amenya mkazi wa mng'ono wawo. Thabwa loyamba linaduka, ndinazungulira, ndinayamba lachiwiri. Litatsala pang'ono linathyoka lokha, ometa n'kutsala atanyamula theka la makwerero losafikanso pamene pali waya.

"Eko," ndinawauza alamu. "Gawo la mng'ono wanu ndi limenelo, tengani. Linalo ndi langa, ndinaligwirira ntchito."

Alamu anatupa nkhope. Anamuuza Pulayala kuti akwere choncho. Pulayala anayang'ana pholo kuyambira pansi mpaka pamwamba.

"Abwana, ili ndi lakonkire."

"Ndati kwera."

Anavula nsapato, analavulira m'manja, analikumbatira pholo ngati mkazi wake. Anakwera kufika msinkhu wa munthu, n'kutsetsereka mpaka pansi, ovolosi itakwinyikira kukhwapa. Anayesanso, anatsetserekanso. Amayi a saluni, amene anali pampanda ndi kasitomala wa marola kumutu, anati, "Mupakeni ulimbo pamimba." Anthu anaseka. Pulayala nayenso anaseka, n'kukhala pansi kuvala nsapato zake.

Ndiye alamu anatulutsa foni kuimbira ku ofesi kwawo kuti atumize galimoto ya makwerero msangamsanga. Foni yawo ndi yaphokoso, ndipo pabwalo panali zii. Tonse tinamva mawu a mayi wa ku ofesi, aulesi, omwe aja amene timawadziwa.

"Akapitawo, galimoto ilibe mafuta. Mwina Lolemba."

Owotcherera anakhala pansi pabenchi, anaphimba nkhope ndi manja, mapewa akugwedezeka. Ine sindinaseke. Ndinangoti, "Alamu, pitani mukakhale pabenchi paja, muchonderere bwinobwino. Mukatenge ndi anapiye m'katoni, zimathandiza."

Anatuluka osatsanzika. Theka lawo la makwerero analisiya.

Geti lisanatsekeke n'komwe, ometa anandilumphira. "Mwatipha amake anapiye. Ife tikadali kwa eni waya. Fyuzi ikapsa mawa, akwera pachiyani?"

"Pa makwerero awo."

"Mukudziwa kuti sabwera nawo."

"Ankabweranji nawo, inu mulipo? Mumagula mayunitsi, kenako mumawanyamuliranso katundu. Anakulembani liti ntchito? Kawauzeni kuti akapanda kubwera ndi zida zawo, papholo pomwepo pali waya wina."

"Zokamba n'zosavuta," anatero, n'kupita akung'ung'udza. Sanandipatse moni sabata yonse.

Mtsikana wa jekete anafika dzuwa litapendeka, fumbi mpaka m'nsidze, ali ndi mnzake wokwera. Anaimika makwerero awo achitsulo, mnzakeyo anakwera ndi tepi, anayeza, n'kunena kanthu kali m'mwamba komweko. Mtsikanayo anabwera kwa ine akukanda m'khosi.

"Amayi, pang'ono akapitawo aja sananame. Waya wathu wayandikiradi kuposa mmene lamulo limanenera. Anyamata athu anapachika mothamanga. Tiyenera kuutsitsa pang'ono, ndiye tizimitsa kwa kanthawi."

Ndinamuloza ndi chala. "Ndiye kuti ndacheka makwerero a amuna anga chifukwa cha ntchito yanu yosalongosoka?"

"Pepani amayi. Komabe iwo akanayenera kutiuza ife, osati kudula."

"Pepani sathandiza dzira. Tamvera mwana iwe, ine sindinakwatiwe ndi kampani yanu. Ndinachoka kwa aja chifukwa anandiyesa kapolo, ndipo geti limene munalowera inu wina akhozanso kulowerapo. Kanthawi kako n'kotalika bwanji?"

"Madzi a tiyi asanawire, amayi."

"Ndikukawatereka pambaula. Akawira magetsi asanayake, Lolemba undipeza pakhomo pa abwana ako, ndipo sindikhala pabenchi."

Ndinafunditsa makina mabulangete onse a m'nyumba, ndi jekete ya malemu pamwamba. Ndinatereka ketulo pambaula pakhonde, pamene onse ankaiona. Kafani kanaima. Ndinaima chitsamire pamakina, khutu pabulangete, ndikumva timawu tija m'kati. Munthu wa papholo uja anagwira ntchito ngati akuthamangitsidwa ndi njuchi. Ketulo itangoyamba kuimba, kafani kanazungulira. Tiyiyo ndinamwa ndekha, sindinawapatse.

Anapiye anayamba kuswa Lamulungu masana, n'kumaliza Lachiwiri. Sanaswe onse, saswa onse. Koma mathireyi anadzaza tinthu tachikasu tonyowa, tikupondana, phokoso lake mpaka kumsewu. Ndinakhala pansi pasimenti n'kulira pamenepo, chitseko chili chotseka, chifukwa amene ndikanamuitana kuti adzaone kunalibe. Zidutswa za makwerero ndinazilowetsa m'khola, nkhuku zazikulu zimagonapo. Chidutswa cha timizere ta pensulo ndinachidula pachokha, chili pawindo kuchipinda.

Sabata yotsatira kunawomba chimphepo, fyuzi ya eni waya inapsa, mzere wonse zii kupatula kwanga. Ometa anakhala panja tsiku lonse akundiyang'ana ndi diso lofiira. Owotcherera ndi amene anavala malaya n'kupita ku ofesi. Anandiuza okha pobwera kuti sanakhale pabenchi. Anaima pawindo n'kunena kuti makwerero kulibenso, ndipo ngati sabwera lero, mawa iwo ndi amayi a saluni akukalembetsa kwa achikasu.

Tsiku lomwelo masana tinamva hutala. Galimoto ya eni waya, imene ine ndinkayesa kuti ndi nthano, inaima pageti panga, makwerero aatali ali pamwamba. Ana a pamzere anaizungulira ngati yaukwati. Alamu anakhala kutsogolo, galasi lotseka, akuyang'ana kwina. Pulayala anatsika, ndipo kwa nthawi yoyamba chibadwire anagogoda.

"Odi amayi. Tingalowe? Tabwera kudzakonza wathu."

"Wanu yekha. Wapansiyo mukangomukhudza, sowo ili pamsomali apo."

Anaimika okha, wamtali uja anagwirira yekha. Ometa anafika pageti mwachizolowezi, manja ali okonzeka, n'kupeza palibe chogwira. Anangoima n'kuwapisa m'matumba. Ine ndinatulutsa mpando, ndinakhala pansi pa pholo, maso m'mwamba, kufikira atamaliza.

Ali pamwamba pomwepo, Pulayala anamva phokoso la anapiye lochokera mushedi. Anasuzumira pansi akumwetulira.

"Amayi, anaswa eti?"

"Anaswa."

"Ndiye ka katoni kathu kaja?"

"Katoni ilipo," ndinamuuza. "Anapiye ndikugulitsa."